Digiri yachiwiri ya masamu a zachuma uli pa ntchito ku Mzimba: mafunso ndi mayankho

Pa Boma la Mzimba, ku Jenda ngakhale ku Embangweni kuli anthu amene masamu sawaopsa: aphunzitsi akusekondale, owerengera ndalama ku khonsolo ya M'mbelwa, ogwira ntchito m'nthambi za mabanki, m'ma SACCO ndi m'mabungwe obwereketsa ndalama. Digiri yoyamba ali nayo, banja ali nalo, ndipo ntchito sangaisiye. Ena mwa iwo amva za maphunziro a quantitative finance ndipo akufuna digiri yachiwiri yophunzira kwinaku akugwira ntchito. Awa ndi mafunso oyenera kuyankhidwa munthu asanalipire fizi.

Kodi maphunzirowa ndi otani, ndipo akusiyana pati ndi MBA kapena ACCA?

Wa akaunti amalemba ndi kutsimikiza zimene zachitika kale. Wa MBA amaphunzira kuyendetsa kampani ndi anthu ake. Maphunziro tikunenawa amaika mtengo pa zimene sizinachitike. Banki ikabwereketsa alimi a fodya ndalama za feteleza, angati adzalephere kubweza mvula ikadula mu Januwale, ndipo bankiyo isungiretu zingati zotsekera dzenjelo? Kampani ya penshoni ikalonjeza kudzalipira munthu zaka 25 zikubwerazi, iike pati ndalama zake lero? Zida zoyankhira ndi masamu a mwayi, statistics, calculus ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta, makamaka Python ndi R.

Phunziroli ndi lakale ndithu. Louis Bachelier analemba za kayendedwe ka mitengo pa msika wa ku Paris mu 1900. Harry Markowitz anasonyeza mu 1952 mmene munthu angagawire chuma chake m'malo osiyanasiyana kuti chisagwe chonse pamodzi. Mu 1973 Fischer Black ndi Myron Scholes anatulutsa njira yowerengera mtengo wa ma option, ndipo Robert Merton anaikuza. Scholes ndi Merton analandira mphotho ya Nobel mu 1997, koma chaka chotsatira kampani ya Long-Term Capital Management, imene onse awiri anali m'gulu la eni ake, inagwa chagada. Pulogalamu imene imaphunzitsa za 1973 koma n'kudumpha za 1998 ndi yoikayikira.

Nanga ntchito yake ilipo kuno ku Malawi, kapena ndi za ku London ndi Johannesburg?

Funso ili ndilo liyenera kutsogolera ena onse. Mapulogalamu ambiri akunja anakonzedwera anthu okagwira ntchito m'misika ikuluikulu, kumene ma derivative amagulitsidwa mphindi iliyonse. Msika wathu wa masheya ku Blantyre unayamba malonda mu 1996 ndi kampani imodzi, NICO, ndipo mpaka pano makampani ake sanafike 20. Munthu amene watha zaka ziwiri akuphunzira mitengo ya ma option ovuta a ku New York adzapeza kuti pano palibe womugula luso limenelo.

Koma ntchito ya masamu a zachuma ilipo, kungoti yavala malaya ena. Mabanki athu analowa mu ndondomeko ya Basel II mu 2014, imene imafuna kuti banki iwerengere mpamba wake molingana ndi chiopsezo cha ngongole zake. Kuyambira 2018 lamulo la kawerengedwe la IFRS 9 limakakamiza wobwereketsa kuwerengeratu ngongole zimene akuyembekeza kuti zidzalowa m'madzi, osadikira kuti wokongolayo athawe kaye. Makampani a inshuwalansi nawo ali ndi IFRS 17 kuyambira 2023. Lamulo la penshoni la 2011 linakhazikitsa kuti bwana aziponya 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro, ndipo ndalama zimenezo, zimene makampani ngati NICO ndi Old Mutual amasunga, zimafuna anthu odziwa kuzigawa pakati pa masheya, nyumba ndi ngongole za boma za masiku 91, 182 ndi 364 kapena za zaka zingapo. Reserve Bank imene imayang'anira onsewa imafunanso anthu otha kuona ngati masamu a mabankiwo ali oona.

Ndipo pali ulimi, kumene Malawi anakhalapo patsogolo pa mayiko ambiri. Pa njala ya 2005 boma linagula option kudzera ku Standard Bank, yotsamira pa msika wa SAFEX wa ku South Africa, yolipatsa ufulu wogula matani 60,000 a chimanga pa mtengo wogwirizaniratu ngakhale msika utakwera. Chaka chomwecho alimi a mtedza a NASFAM anayesa inshuwalansi yolipira potengera mvula yoyezedwa pa siteshoni ya zanyengo, popanda wina kupita kukaona munda.

Nkhani yophunzitsa kwambiri ndi ya chilala cha 2015/16. Boma linali litagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity. Anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, koma kompyuta ya bungwelo inaonetsa kuti vuto silinafike poti n'kulipira. Atafufuza anapeza kuti m'masamuwo munaikidwa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri ankadzala chocha msanga, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yoipitsitsa. Atakonza nambala imeneyo, Malawi analandira madola 8.1 miliyoni, koma mochedwa ndi miyezi yambiri. Masamu ake anali apamwamba. Chimene chinasowa ndi munthu wodziwa mbewu imene ili m'munda. Munthu wokulira ku Mabiri kapena ku Champhira amene waphunzira bwino masamuwa ali ndi mbali zonse ziwiri, ndipo pulogalamu yomuyenera ndi yolemera pa chiopsezo cha ngongole, chiwongoladzanja, inshuwalansi ndi kusanthula manambala, osati pa malonda a mphindi imodzi a ku Wall Street.

Chimodzi chisabisike: mipando ya ntchitozi ili ku malikulu, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mungaphunzirire ku Mzimba, koma mukamaliza mwina mudzasamuka. Kambiranani za ichi kunyumba chaka choyamba chisanayambe.

Ndi njira ziti zimene munthu wa kuno angazifikire osasiya ntchito?

Yoyamba ndi ya mayunivesite athu, kudzera m'maphunziro oyandikana nawo. University of Malawi ku Zomba ili ndi digiri yachiwiri ya economics, yolumikizana ndi bungwe la African Economic Research Consortium la ku Nairobi, komanso ya biostatistics. LUANAR ili ndi ya agricultural and applied economics, imene kwa wofuna za mitengo ya mbewu ndi inshuwalansi ya ulimi ili pafupi kwambiri ndi nkhaniyi kuposa mmene dzina lake likumvekera. MUBAS, imene inali Polytechnic mpaka 2021, ndiko kwawo kwa za bizinesi ndi akaunti. Mzuzu University, yoyandikira kuposa onse, inadziwika ndi digiri yachiwiri ya masamu a coding ndi cryptography. Si zachuma, koma masamu ake ndi olimba. Ubwino wa njira iyi ndi woti fizi ndi ya makwacha ndipo aphunzitsi amaudziwa msika wathu. Chofunika kufunsa ndi kaphunzitsidwe ka chaka chimene mukulowacho: masana onse, kumapeto kwa sabata, kapena kusonkhana kwa masabata angapo kenako n'kubwerera kuntchito.

Yachiwiri ndi ya mayiko ena a mu Africa. Ku Cape Town, Wits, Pretoria ndi Stellenbosch kuli masamu a zachuma amphamvu kwambiri mu Africa, ndipo pangano la SADC la zamaphunziro la 1997 limathandiza kuti Mmalawi azilipira fizi yoyandikira ya eni dziko. Strathmore ku Nairobi ilinso ndi digiri yachiwiri ya mathematical finance. Vuto ndi lakuti mapulogalamu otchuka mwa awa amafuna munthu akhale pomwepo. Anthu a ku Mzimba msewu wa ku Joni amaudziwa bwino, ndipo mbale wokusungani sasowa, koma imeneyo si njira ya munthu wosasiya ntchito.

Yachitatu ndi ya pa intaneti: WorldQuant University ya ku America, maphunziro akutali a University of London amene SOAS yakhala ikuphunzitsa za finance, ndi ena ambiri a ku Britain ndi America olipira m'mapaundi ndi m'madola.

Akuti WorldQuant ndi yaulere. Palibe msampha?

Fizi kulibedi. Anaiyambitsa Igor Tulchinsky mu 2015, ndipo digiri yake ya financial engineering imatenga zaka ziwiri, yonse pa intaneti. Amafuna digiri yoyamba, Chingerezi chokwanira ndi kukhoza mayeso olowera a masamu. Bungwe la DEAC la ku America linaivomereza mu 2021.

Mtengo wake uli pena. Mumalipira ndi maola anu, bando ya intaneti ndi kudziletsa, chifukwa palibe mphunzitsi wokuyang'anani m'maso mukajomba. Ntchito zina n'zamagulu, ndipo anzanu angakhale ku Lagos, ku Mumbai kapena ku Lima, aliyense ndi nthawi yake yogonera. Chinthu chaulere n'chosavutanso kuchisiya: amene walipira mamiliyoni amalimbikira ngakhale zitavuta, pamene amene sanalipire kalikonse amangoti ndidzapitiriza chaka chamawa. Ndipo zitsanzo zake ndi za misika yakunja, choncho kuzitembenuzira ku Malawi ndi ntchito yanu. Maganizo anga ndi oti kwa mphunzitsi wa masamu kapena wa ku banki amene malipiro ake sangakwanitse fizi ya m'madola, apa ndi poyambira pabwino, malinga wafunsiratu za kuvomerezeka kwa pepalalo kuno.

Pa za fizi, ndiyang'ane chiyani kupatula chiwerengero chimene alemba?

Yang'anani kuti ndi ndalama ya dziko liti. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Tiyerekeze kuti munthu anali atatsala ndi madola 5,000 kuti amalize. Usiku umodzi ngongole yake inachoka pa K5.9 miliyoni kufika pa K8.5 miliyoni, malipiro ake ali pomwe paja. Pamwamba pa apo, kukhala ndi makwacha si kukhala ndi madola: pempho la ndalama zakunja ku banki limatha kudikira nthawi yaitali, pamene yunivesite ya ku London ili ndi tsiku lake lotsekera kalembera ndipo za mzere wa ku banki kwathu sizikuikhudza.

Choncho funsani ngati amalola kulipira phunziro limodzilimodzi, ngati mungapume chaka osataya zimene mwakhoza, komanso ngati pali satifiketi kapena dipuloma yotulukira panjira ndalama zikakuthawani. Pulogalamu yodula pang'ono koma yokhala ndi makomo otulukira amenewa imaposa yotsika mtengo imene ukaima pakati umabwerako chimanjamanja.

Amene ali ndi mbale ku Johannesburg kapena ku Cape Town wolandira ma rand ali ndi mwayi pa mapulogalamu a ku South Africa, chifukwa fizi ingalipiridwe komweko inu n'kumubwezera kuno. Koma gwirizanani momveka, makamaka pa mtengo wosinthira, kuti sukulu isadanitse pachibale. Za kukongola ku banki kuti mulipire fizi, kumbukirani kuti mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaikanso chawo pamwamba. Kuwerengera ngati digiriyo idzabweza ngongole yotere ndi mayeso anu oyamba a phunziroli.

Thandizo la fizi liliko. Commonwealth Distance Learning Scholarships ndi ya anthu ophunzira ali kwawo, ngakhale mndandanda wa maphunziro ake umasintha chaka ndi chaka. Chevening ndi Beit Trust ndi za okaphunzira kunja nthawi yonse, kotero zimafuna tchuthi cha kuntchito.

Masamu anga akwana?

Dziyeseni nokha musanayesedwe. Tengani mafunso a chaka chachiwiri cha ku yunivesite a calculus, linear algebra ndi probability, mukhale nawo pansi Loweruka limodzi. Ngati mukuwakumbukira ngakhale movutikira, pitirirani. Ngati munadzera ku akaunti kapena ku bizinesi ndipo masamu anu anathera pa chiwongoladzanja chophatikiza, patulani miyezi 6 kapena chaka kukonzekera. Maphunziro aulere a MIT OpenCourseWare ndi Khan Academy alipo. Amene anaphunzira uphunzitsi wa masamu ku Mzuni, ku Domasi kapena ku Chanco nthawi zambiri masamu amakhala nawo, chimene amasowa ndi Python ndi chidziwitso cha mmene banki imapangira phindu. Wa ku banki ndi mosemphanitsa. Anthu awiri otere akapezana pa Boma n'kumakumana kamodzi pa sabata, aliyense amatseka mpata wa mnzake.

Chenjerani ndi pulogalamu imene dzina lake lili ndi mawu oti quantitative koma polowa sakufunsani za masamu n'komwe.

Nanga kukhala ku Mzimba kukusintha chiyani pa kasankhidwe?

Kukusintha zambiri. Yambani ndi mtunda. Kuchoka pa Boma kupita ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100 kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa. Ku Lilongwe ndi oposa 250, ndipo Blantyre kapena Zomba ndi enanso pafupifupi 300 kupitirira apo. Kalasi la Loweruka m'mawa ku Blantyre likutanthauza kunyamuka Lachisanu, kugona m'basi, kuphunzira muli ndi tulo, ndi kubwerera Lamulungu kuti Lolemba mukatsegule ofesi. Kamodzi pa mwezi munthu angapirire. Sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, thupi ndi thumba zimakana, osanenanso za nyengo imene mafuta asowa ndipo mtengo wa basi wakwera. Wokhala ku Jenda ali pa M1 penipeni ndipo Lilongwe ali nayo pafupiko. Wa ku Edingeni kapena ku Embangweni awerengerenso za msewu wa m'dzinja. Kwa munthu wa kuno, kusonkhana kwa masabata awiri kangapo pa chaka kumaposa makalasi a sabata ndi sabata, malinga abwana avomera molemba, osati pakamwa.

Pa za intaneti, funso lalikulu ndi lakuti makalasi ndi apompopompo kapena ojambulidwa. Kalasi loyamba 6 koloko madzulo ku New York limakupezani pakati pa usiku kapena 1 koloko m'bandakucha. La ku London lili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi kapena awiri, la ku South Africa ndi nthawi yathu yomweyi, la ku Nairobi lili patsogolo ndi ola limodzi. Maphunziro ojambulidwa mungawatsitse netiweki ikakhala bwino n'kudzaonera nthawi yanu.

Chowopsa kwenikweni ndi mayeso oyang'aniridwa pa kamera. Magetsi akathima pakati pa mayeso a maola atatu, foni imene mwalumikizira laputopu n'kutaya netiweki, kompyuta ya kutsidya kwa nyanja imangolemba kuti mwachoka. Chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, aliyense anaona kuti kuthimathima kwa magetsi kungatenge miyezi. Ikani mu bajeti sola yaing'ono ndi batire, khalani ndi simu ya Airtel ndi ya TNM, ndipo funsani sukuluyo molemba kuti amatani intaneti ikaduka pa mayeso. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023. Kwa munthu mmodzi ndi yodula, koma anthu angapo ophunzira angasonkherane. Ngati mayeso ndi olembera pamalo, dziwiranitu ngati malowo ali ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Ndipo pali maola. Mapulogalamu otere amadya maola 15 mpaka 20 pa sabata, ena kuposa. Wa ku banki ndi wa ku khonsolo amadziwa mmene kumathero a mwezi kumakhalira, mphunzitsi amadziwa nyengo ya mayeso a MANEB. Onjezani maliro, tchalitchi ndi munda. Ikani kalendala ya sukuluyo pambali pa kalendala ya ntchito yanu muone pamene zikugundana.

Ndingadziwe bwanji kuti pepalalo adzalilandira kuno?

Bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limavomereza mapulogalamu a m'dziko muno ndi kuunika mapepala ochokera kunja. Onani kuti pulogalamu yeniyeniyo ili pa mndandanda, osati dzina la sukulu lokha. Kwa yakunja, afunseni musanalembetse. Ngati cholinga chanu ndi kudzapitiriza ku PhD kapena kudzaphunzitsa pa yunivesite, funsaninso kumene mukufuna kudzapitako, chifukwa ena amafuna digiri yokhala ndi kafukufuku wathunthu. Ogwira ntchito m'boma afunsenso ngati digiriyo ikugwirizana ndi mzere wa ntchito yawo pa zokwezedwa.

Bwanji osangolemba CFA, FRM kapena mayeso a actuary?

Kwa anthu ena iyi ndiyo njira yanzeru. CFA ili ndi magawo atatu ndipo osunga chuma cha penshoni ndi masheya amailemekeza. FRM ili ndi magawo awiri ndipo ikulunjika pa chiopsezo, ntchito imene mabanki athu ali nayo. Mayeso a actuary, a ku Britain kapena a ku South Africa, amatenga zaka zambiri, koma anthu ake ndi ochepa m'dziko muno ndipo makampani a inshuwalansi ndi penshoni sangachite popanda iwo. Palinso CQF, imene Paul Wilmott anaiyambitsa mu 2003, ya miyezi 6, yodula, ndipo ndi satifiketi osati digiri. Zonsezi mumawerenga panokha ndi kulipira gawo ndi gawo, koma m'ndalama zakunja. Ngati muli kale mu banki ndipo mukufuna kulowa mu dipatimenti ya chiopsezo, FRM ingakufikitseni msanga. Ngati mukufuna kuphunzitsa, kufufuza kapena kukwera m'boma, digiri ndiyo imawerengedwa.

Mapulogalamu awiri akafanana pa zonse, ndisankhe potengera chiyani?

Potengera kafukufuku wa kumapeto ndi munthu amene adzakuyang'anireni. Ambiri amene amakanirira pa digiri yachiwiri amakanirira pamenepa: makalasi anakhoza, koma pepala la kafukufuku lagona pa tebulo la mphunzitsi amene ali ndi ophunzira ochuluka. Pezani anthu awiri kapena atatu amene anamaliza pulogalamuyo ali pa ntchito, osati amene sukulu yakusankhirani, muwafunse kuti inawatengera zaka zingati ndipo woyang'anira ankayankha pakapita nthawi yaitali bwanji.

Kenako funsani ngati adzakulolani kufufuza za kwanu. Mitu ili pakhomo. Kodi kubweza ngongole m'ma SACCO ndi m'mabanki mkhonde a kum'mwera kwa Mzimba kumasintha bwanji rand ikagwa, poti mabanja ambiri amadalira ndalama zochokera ku Joni? Mtengo wa chimanga, soya ndi nyemba pa Jenda umatsatira wa ku Lundazi kapena wa ku Lilongwe, ndipo umachedwa masabata angati? Inshuwalansi ya mvula ya mlimi wa ku Mbalachanda iyenera kukhala pa mtengo wanji ngati siteshoni yoyezera mvula ili kutali ndi munda wake? Manambala ena ali ku Reserve Bank, ku National Statistical Office ku Zomba ndi ku nthambi ya zanyengo. Ena ali m'mabuku a kuntchito kwanu, ndipo amenewo musawakhudze popanda chilolezo cholembedwa ndiponso musanachotse mayina a eni ngongole.